Msuku ndi Zipatso Zake M'mapiri a Dedza

Msuku ndi mtengo wachilengedwe wa m'nkhalango za miombo. Chipatso chake ndi suku, zikachuluka timati masuku. Mwa mitengo yonse ya zipatso zakutchire imene imapezeka m'dayosizi yathu ya Dedza, monga nthudza, maula, mateme, mpoza ndi matowo, sitikuonapo wina umene umadyetsa anthu ambiri kapena kulowetsa ndalama m'mabanja kuposa msuku. Komabe pafupifupi misuku yonse imene tikudya zipatso zake lero palibe anaibzala. Tinachita kuipeza. Tsono popeza munthu sachedwa kunyalanyaza chinthu chimene sanachikhetsere thukuta, taona kuti n'koyenera kusonkhanitsa pano zimene zikudziwika za mtengowu, kuti akatekisti, atsogoleri a miphakati ndi makomiti a m'matchalitchi athu akhale ndi poyambira akamakambirana za nkhalango za m'midzi mwawo.

Dzina lake

Akatswiri a zomera amautchula mtengowu kuti Uapaca kirkiana. Liwu loyambalo linachokera m'chilankhulo cha ku Madagascar, kumene kuli mtengo wina wa banja lomweli wotchedwa tapia, umenenso anthu amadya zipatso zake. Liwu lachiwirilo ndi lokumbukira John Kirk, dotolo wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone m'zigwa za Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 mpaka mu 1863, akutolera zomera ndi kuzitumiza ku Ulaya. Amene analemba dzinali m'mabuku mu 1864 anali katswiri wa ku Switzerland, Johannes Müller Argoviensis. Mtengowo, monga tonse tikudziwa, unali kale ndi dzina, ndipo dzinalo linafala kutali: Abemba a ku Zambia amati masuku ngati ife tomwe. Ku Zimbabwe Ashona amati mazhanje kapena mahobohobo.

Msuku umapezeka m'Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania, Burundi, Angola ndi kumwera kwa Congo. Uli ndi abale ake m'nkhalango zowirira za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, ena mwa iwo aatali kwambiri, okhala ndi mizu yoyambira pamwamba pa nthaka ngati miyendo. Kwathu kuno m'bale wake wodziwika ndi kasokolowe, amene masamba ake ndi osalala, ndipo zipatso zake n'zazing'ono poyerekeza ndi masuku.

Maonekedwe ake ndi kumene umamera

Msuku si mtengo wautali. Kawirikawiri umalekezera pakati pa mamita 5 ndi 12, thunthu lake n'lalifupi, nthambi zake n'zonenepa ndi zotambalala. Khungwa lake ndi lotuwa moderako, long'ambikang'ambika. Chimene munthu amauzindikira nacho ali patali ndi masamba: ndi aakulu, olimba ngati chikopa, amisempha yoonekera bwino, ndipo amaunjikana kunsonga za nthambi. Akagwa n'kuuma amachita phokoso pansi pa phazi, kotero kuti mlenje aliyense amadziwa kuti m'misuku simuyendeka mwakachetechete.

Mtengowu umakonda malo amene khasu limawakana. Umamera bwino pamatsitso a mapiri, panthaka yamiyala ndi yansangalabwi, yosasunga madzi ndiponso yopanda chonde chambiri. M'dambo kapena pamalo odikha madzi sukhalitsa, ndipo chisanu choopsa chimapha timitengo tating'ono. N'chifukwa chake m'boma la Dedza timaupeza kwambiri m'mbali mwa mapiri: m'nkhalango ya Chongoni, ku Dzalanyama, m'munsi mwa phiri la Dedza, m'zitunda za ku Bembeke ndi Kasina, ndi m'matsitso otsikira ku Mua ndi Golomoti, komanso kutsidya kwa malire ku Angonia m'dziko la Mozambique. Nthawi zina umasakanikirana ndi mombo, tsamba, mtondo ndi mchenga. Nthawi zina umadzaza chitunda chonse wokhawokha. Munthu akatsikira kuchigwa cha kunyanja, kumene kumatentha, misuku imayamba kuchepa, malo ake n'kutengedwa ndi mlambe ndi bwemba.

Mtengo wamwamuna ndi wamkazi

Pali chinthu chimodzi chimene tikufuna kuti aliyense wowerenga nkhaniyi achigwiritse. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, monga mmene alili mapapaya. Mtengo wamwamuna umachita maluwa ang'onoang'ono achikasu ounjikana, koma subala chipatso ngakhale chimodzi moyo wake wonse. Mtengo wamkazi umachita duwa limodzilimodzi, ndipo ndi umene umabala. Njuchi ndi tizilombo tina touluka ndi timene timanyamula ufa wa m'maluwa aamuna kupita nawo ku maluwa aakazi. M'nkhalango imene sinasokonezedwe, pafupifupi theka la misuku ndi yaimuna.

Apa ndi pamene anthu abwino, ofunadi kusamala mitengo, amaphonya. Pofuna nsanamira kapena nkhuni, munthu amaloza mtengo umene sanauonepo ukubala nati, uwu ndi gojo, tiudule, obalawo tiwasiye. Zaka zikapita, misuku yaikazi ija imayamba kubala pang'ono, eni ake n'kumadandaula za mvula kapena kuganizirana zamatsenga, pamene chavuta n'chakuti yaimuna inatha. Sikuti yaimuna iyenera kuchuluka mofanana ndi yaikazi, ai, koma pachitunda chilichonse payenera kutsala ingapo yomwazikana. Mbande ikadali yaing'ono sizitheka kudziwa ndi maso ngati ili yaimuna kapena yaikazi. Zimadziwika pokhapokha mtengo ukayamba kuchita maluwa.

Nyengo ya masuku

Msuku umachita maluwa m'dzinja, kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Epulo. Zipatso zimakula pang'onopang'ono m'miyezi yonse yachisanu ndi yachilimwe, n'kuyamba kupsa cha mu Okutobala kapena Novembala, kutengera malo. Zimachuluka m'nyengo ya Adventi, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale zimakhala zikutha. Suku ndi lobulungira, kukula kwake masentimita atatu kapena anayi, khungu lake lolimba ndi lofiirira, m'kati mwake muli mnofu wachikasu wotsekemera ndi njere zitatu, zinayi kapena zisanu. Palibe mwana wa ku Dedza amene amafunika kuphunzitsidwa kulifinya, kulipsipa ndi kulavula njere. Ana omwewo ndi amene amadziwa bwino kuti mitengo imasiyana: wina masuku ake ndi aakulu koma ozizira, wina ndi ang'ono koma otsekemera ngati uchi, wina ndi njere zokhazokha.

Kufunika kwa chipatsochi kwagona pa nthawi imene chimapsa. Mu Novembala ndi Disembala nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kuoneka pansi, anthu ali pakalikiliki kubzala ndi kupalira, ena akuyenda m'maganyu, ndalama ikufunika ya feteleza ndi ya sukulu. Pa nthawi yomweyo nkhalango imagwetsa chakudya chimene sichifuna moto, mchere kapena chigayo. Masuku ali ndi shuga wambiri, motero amapatsa mphamvu msanga kwa mlimi ndi kwa mwana wopita ku sukulu m'mimba muli pululu. Koma tisawakweze kupitirira muyeso wake. Zomanga thupi ndi mafuta muli zochepa, ndiye sangalowe m'malo mwa nsima, nyemba kapena nsinjiro. Ndiponso amatha njala isanafike pachimake. Amene akukumbukira njala ya 2002 adziwa kuti miyezi yowawitsa inali Febuluwale ndi Malichi, pamene masuku anali atatha kale. Msuku umaperekeza banja mpaka pakati pa ulendo. Sulifikitsa ku zokolola.

Mwambo wa makolo unali woti masuku amatoledwa pansi, atagwa okha, m'mamawa anyani ndi nguluwe zisanatsirize. Pofuna kufulumiza, anthu ankathyola okhwima n'kuwavundika: amakumba dzenje, kuyalamo masamba, kuthiramo zipatso, kuphimba ndi masamba ena ndi dothi, n'kudikira masiku angapo. Ena amavundikira mumtsuko kapena m'thumba. Njirayi imafewetsa chipatso, koma ngati chinathyoledwa chisanakhwime sichitsekemera, chimangoda khungu ndi kusiya kukhakhala m'kamwa. Wogula wozindikira amadziwa suku logwa lokha ndi lokakamizidwa.

Ntchito zake pamudzi

Kuwonjezera pa kudya osaphika, amayi amafinya mnofu wa masuku m'madzi, kusefa njere ndi makungu, n'kuthira m'phala la ana m'malo mwa shuga, kapena kumwa ngati chakumwa chotsekemera. M'madera ena amaumitsa mnofuwo kuti ukhalitse. Masiku ano magulu ena a amayi anaphunzira kupanga jamu ndi juwisi. Masuku amathanso kuwira n'kusanduka mowa, ndipo ena amatcherera kachasu. Pa ichi maganizo athu ndi odziwika: chipatso chimene chikanatsekemeretsa phala la mwana chikathera mumphika wa kachasu m'mwezi wa njala, banja laluza kawiri. Ndipo popeza funsoli limabuka m'maphunziro a akatekisti, tinene pano kuti vinyo wa masuku, ngakhale atapangidwa mwaukhondo chotani, sangagwiritsidwe ntchito pa Nsembe ya Misa. Lamulo la Mpingo, pa nambala 924, limafuna vinyo weniweni wochokera ku mphesa.

Masamba a msuku ndi amene agogo athu ankasokera zikwatu. Ndiwo zamasamba monga khwanya, chitambe ndi nkhwani zikafutsidwa n'kuumitsidwa, kapena bowa akauma, amazikulunga m'masamba a msuku olumikizidwa ndi timitengo, kumanga ndi luzi, n'kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umafika. Masambawa sang'ambika msanga, ndipo mfutso umasungika mpaka chilimwe. Pepala la pulasitiki, limene lalanda malo a chikwatu m'makomo ambiri, limasunga chinyezi, ndiwo n'kuchita nkhungu.

Thabwa la msuku ndi lofiirira, losavuta kupala, ndipo chiswe sichilidya msanga. Anthu amapangira nsanamira, mitanda, phaso, zitseko ndi zipande. Nkhuni zake zimayaka bwino ndipo makala ake ndi abwino, ndipo ubwino umenewu ndi umene wauika mtengowu pa ngozi. Asing'anga amawiritsa mizu yake pothandiza odwala m'mimba ndi kamwazi. Jessie Williamson analemba zambiri za ntchito za zomera zathu m'buku lake la 1955, limene linasindikizidwanso mu 1975 ndi mutu wakuti Useful Plants of Malawi, ndipo msuku ulimo. Sitikunyoza nzeru za makolo, koma mwana wotsekula m'mimba amafunika thanzi ORS ndi chipatala tsiku lomwelo. Nyengo ya masuku ndi nyengonso ya kolera, monga tinaonera pa mliri wa 2022 ndi 2023, choncho chipatso chotoledwa pansi chitsukidwe ndi madzi abwino chisanafike pakamwa.

Malonda

Woyenda pa msewu wa M1 mu Disembala amaona mabeseni ndi malichero a masuku ku Linthipe, ku Chimbiya, pa Dedza, pa mphambano ya ku Bembeke mpaka ku Lizulu. Otola ndi ogulitsa ambiri ndi amayi ndi ana. Chipatsochi sichikhalitsa: chikapsa, m'masiku ochepa chimaphwanyika ndi kuyamba kusasa, makamaka chikapanikizidwa m'matumba. Mavenda a ku Lilongwe amadziwa zimenezi, ndipo amadziwanso kuti mayi amene wayenda kuyambira mbandakucha sangabwerere nalo dengu kumudzi. Amagula ndowa yonse pa mtengo wolira, n'kukagulitsa m'tauni timilu tating'ono.

Chinenero chathu chinatola kale chithunzi chimenechi. Tikamati wina akumudyera mnzake masuku pamutu, timaona munthu atasenza dengu, khosi likuwawa, pamene woyenda pambuyo pake akutapamo mmodzimmodzi iye osaona. M'maulaliki mawuwa timawagwiritsa ntchito ponena za olemba ganyu osalipira, obwereketsa katapira ndi ogula mbewu ndi sikelo zachinyengo. N'zochititsa manyazi kuti amakwaniranso pa malonda a masuku enieniwo. Kumene amayi a mphakati umodzi agwirizana mtengo asanafike pamsewu, nasankha zipatso zazikulu padera, nazinyamula m'madengu osazama, wogula sapeza mpata waukulu wowagawanitsa.

Msika wabweretsanso khalidwe limene kale linali losowa. Pofuna kufika pamsewu anzawo asanafike, ena amamenya thunthu ndi mwala waukulu kuti zipatso zigwe, zakupsa ndi zosapsa zomwe. Pitani m'misuku ya pafupi ndi midzi, mudzaona mathunthu ali ndi zipsera ndi zotupa pa msinkhu wa chifuwa cha munthu. Pabala pamenepo ndi polowera kuola, ndipo moto wolusa ukadutsa umagwira pomwepo. Ena amafika podula nthambi yonse.

Msuku ndi bowa

Amayi otola bowa anazindikira kalekale kuti mitundu ina ya bowa, monga manyame ndi ndelema, imamera m'nkhalango za miombo ndi misuku basi, osati m'munda kapena m'bulugamu. Sayansi inadzafotokoza chifukwa chake. Bowa amene timazula ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyera tosaoneka bwino, timene timayanga m'nthaka n'kukuta timizu ta mtengo. Timaulusi timeneti timasakira mtengo madzi ndi chakudya cha m'nthaka chimene mizu payokha sikanachipeza pamiyala, ndipo mtengo umabwezera powapatsa shuga wopangidwa m'masamba. Ndicho chinsinsi chimene msuku umakhalira wobiriwira pamalo pamene chimanga sichingafike m'mawondo. Bowa wa pachulu, monga utale, ali ndi nkhani ina, chifukwa iye amalimidwa ndi chiswe.

Tanthauzo lake ndi lakuti wodula misuku wadulanso ndiwo za m'dzinja. Chitunda chikasanduka munda, kapena chikabzalidwa paini ndi bulugamu, bowa uja sabwereranso ngakhale mvula igwe bwanji. Paini wa pa phiri la Dedza ndi ku Chongoni ali ndi ntchito yake ya matabwa, ndipo sitikumunyoza, koma tikamawerenga mitengo imene tabzala pa chaka tisamaganize kuti tabweza nkhalango imene inalipo. Papa Francis, m'kalata yake ya 2015 yotchedwa Laudato Si', anadandaula za chizolowezi chomwechi cholowetsa mtengo wa mtundu umodzi m'malo mwa nkhalango yachilengedwe.

Kodi msuku ungabzalidwe?

M'midzi yambiri muli chikhulupiriro chakuti msuku subzalidwa, umabzalidwa ndi Mulungu yekha. Chikhulupirirochi chinabadwa chifukwa ambiri amene anayesa analephera, ndipo zifukwa zake n'zodziwika tsopano. Choyamba, njere ya suku siichedwa kufa. Ikauma ngati mmene timaumitsira chimanga, m'masabata ochepa imakhala yatha mphamvu. Iyenera kuchotsedwa m'chipatso chakupsa, kutsukidwa, ndi kufesedwa m'masiku omwewo. Chachiwiri ndi bowa uja: mbande yofesedwa m'dothi la kudimba kapena la manyowa ambiri imamera ndithu, kenaka imachita chikasu n'kufa. M'machubu muyenera kusakanizidwa dothi lapamwamba lotapidwa pansi pa misuku ikuluikulu, chifukwa ndi mmene muli timaulusi tija. Chachitatu, muzu wake waukulu sufuna kusokonezedwa, kotero kuti mbande yozulidwa kutchire kawirikawiri siigwira.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, msuku wochokera ku njere umatenga zaka pafupifupi 10 usanabale, ndipo mwina n'kupezeka kuti ndi wamwamuna. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la ICRAF, limene linkagwira ntchito pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba, linafunsa alimi a m'Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania kuti ndi zipatso ziti zakutchire zimene angakonde kulima, ndipo masuku anali patsogolo. Kuchokera apo akatswiri anayamba kusankha, mothandizidwa ndi anthu a m'midzi, mitengo ya zipatso zazikulu ndi zotsekemera, n'kumezanitsa nthambi zake pa mbande, kumene alimi amati kukwatitsa mitengo. Msuku womezanitsidwa umabala m'zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mwini wake amadziwiratu kuti ndi wamkazi ndi kuti zipatso zake zidzafanana ndi za mayi wake. Luso lake silisiyana kwenikweni ndi la mango ndi mapichesi, limene alimi ambiri a ku Dedza ali nalo kale. Komabe mbande zoterezi sizinafale m'midzi monga zinafalira za mango.

Pa chifukwa chimenechi, ife tikuona kuti njira yachidule ndi yotsika mtengo ndi kusamala zimene zilipo. Chitsa cha msuku sichifa msanga. Chimaphukira, ndipo mizu yakenso imatulutsa mphukira patali ndi thunthu. Pachitunda chimene chinadulidwa zaka zapitazo, mukayang'anitsitsa mupeza timisuku tambiri tofika m'mawondo, timene chaka ndi chaka timapserera ndi moto wa osaka mbewa kapena kudyedwa ndi mbuzi. Pachitsa chilichonse pasiyidwe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo zisadzulidwe. Udzu wozungulira upaliridwe, ndipo malo onse alambulidwe m'mbali mwezi wa Juni usanathe. Mphukira zotere zimakula msanga kuposa mbande, chifukwa zikuyamwa pa mizu yakale imene ili kale pa ubale ndi bowa wake.

Malamulo ndi malo a Mpingo

Nkhalango za Chongoni ndi Dzalanyama zinakhazikitsidwa ngati zotetezedwa ndi boma m'zaka za m'ma 1920, ndipo dera la Chongoni linalandiridwa ndi UNESCO mu 2006 chifukwa cha zojambula zamakedzana za m'mapanga ake. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango za ootcha makala popanda chilolezo, limapatsa midzi mwayi wopatula nkhalango yawoyawo pansi pa nyakwawa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu. Komiti yotere ingathe kupanga malamulo ake: tsiku loyambira kutola masuku, kuletsa kumenya mathunthu, ndi chindapusa cha wotentha tchire. Alangizi a zankhalango a m'dera lanu ndi amene angathandize kulemba malamulowo kuti akhale ndi mphamvu, ndiponso ndi amene angafotokoze zoyenera kutsata potola zipatso m'nkhalango ya boma.

Kunja kwa nkhalango za boma, misuku yakale yatsala makamaka kumanda ndi pa malo a mishoni. Maparishi ndi matchalitchi athu ambiri ali ndi kachitunda kapena kathengo kumbuyo, kamene kamakumbukiridwa pokhapokha pakafunika nkhuni zootchera njerwa kapena zophikira pa chikondwerero. Tikupempha makomiti a zomangamanga kuti nkhwangwa isanalowe pamalo otere, ayambe ayendapo pamodzi ndi amayi otola masuku ndi bowa, chifukwa iwo ndi amene amaudziwa mtengo uliwonse. Nyengo ya dziko lonse yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Masabata ake oyamba ndi omwe njere zatsopano za masuku zimapezeka, ndiponso ndi pamene mtengo wamkazi umadziwika ndi zipatso zake. Yaimuna idikireni mpaka Febuluwale kapena Malichi, ikachita maluwa, ndipo muiike chizindikiro cha penti wa mtundu wina kuti odula nsanamira aidziwe.